Chikhulupiriro chikagwedezeka: chitonthozo chimene chili m'kusankha kwa Mulungu

Mu Lusaka muno, Mkhristu amene chikhulupiriro chake chafooka sasowa omulangiza. Akakwera basi pa Intercity, mlaliki amaimirira pakati basiyo isananyamuke n'kumuuza kuti alimbike. Akatsegula wailesi usiku, wina akumuuza kuti asale kudya masiku atatu. Akapita ku mapemphero ochezera m'komboni, amamva kuti ntchito sikupezeka ndipo matenda sakuchoka chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa. Ambiri mwa olangizawa amanena ndi mtima wabwino, ndipo kupemphera ndi kusala kudya n'zabwino ndithu. Vuto n'lakuti malangizo onsewa amasenzetsa katundu yense munthu amene watopa kale. Ngati zonse zikudalira kukula kwa chikhulupiriro changa, ndiye kuti tsiku limene ndadzuka wopanda mphamvu yopemphera, zanga zatha.

Pali chiphunzitso chakale kwambiri chimene chimamuyankha munthu wotereyu mwa njira ina, ngakhale kuti ambiri amachiopa ndipo ena safuna n'kuchimva komwe. Ndicho chiphunzitso cha kusankha kwa Mulungu. Chimanena kuti aliyense amene wabwera kwa Khristu moona, wabwera chifukwa Mulungu ndiye anayamba kumufuna, kalekale dziko lisanalengedwe, mwa chisomo chokha, popanda chabwino chilichonse chimene anachiona mwa munthuyo. Ine ndimakhulupirira kuti chiphunzitsochi n'choona, ndiponso kuti amene amapindula nacho kwambiri ndi anthu ofooka. Koma chikafotokozedwa mosasamala chimavulaza, n'chifukwa chake n'kofunika kuchitenga pang'onopang'ono.

Chinachokera m'Malemba momwemo. Paulo, poyamba kalata yake kwa Aefeso, akuti Mulungu anatisankha mwa Khristu dziko lisanakhazikike (Aefeso 1:4). Yesu, usiku womwe anaperekedwa, anauza ophunzira ake kuti si iwo amene anamusankha, koma Iye ndi amene anawasankha (Yohane 15:16). Kale Mose anali atauza Aisraeli kuti Yehova sanawasankhe chifukwa cha kuchuluka kwawo, popeza anali ochepa kuposa mitundu yonse. Anawasankha chifukwa anawakonda, ndiponso chifukwa cha lumbiro limene analumbira kwa makolo awo (Deuteronomo 7:7-8). Ndipo pa Aroma 9, pamalo pamene pamavuta anthu ambiri, Paulo akukumbutsa kuti Mulungu ananena za Yakobo ndi Esau iwo asanabadwe, asanachite chabwino kapena choipa.

Chitonthozo chake chagona pa funso limodzi: chinayamba n'chiti, chikhulupiriro changa kapena chikondi cha Mulungu? Ngati Mulungu anandilandira chifukwa ndinali wotentha pa zauzimu, ndiye kuti ndikazilala ali ndi chifukwa chondisiyira. Koma ngati anandifuna ndisanabadwe, akudziwa bwino machimo onse amene ndidzachite, kuphatikizapo kukayika kwa lero, ndiye palibe chatsopano chimene angachipeze mwa ine chomuchititsa kusintha maganizo. Taonani mayi wobereka mwana kumbuyo akuyenda pakati pa chikhamu cha anthu ku Soweto Market. Mwana akakhala maso amagwira mapewa a amake mwamphamvu. Akagona manja aja amalekerera, mutu n'kupendekeka, koma sagwa, chifukwa chimene chamusunga ndi chitenje chimene amake anamanga pachifuwa asanachoke pakhomo. Chikhulupiriro chathu ndi manja a mwanayo. N'chenicheni, n'chofunika, ndipo mwana wamoyo adzagwiranso akadzuka. Koma mfundo ya chitenje anamanga ndi mayi.

Anthu ambiri saona malo amene Paulo anaika chiphunzitsochi m'kalata ya kwa Aroma. Chimayambira m'chaputala 8, pakati pa nkhani ya masautso. Asanafike pa za kusankha, wanena kale kuti chilengedwe chonse chikubuula, kuti ifenso tikubuula, ndi kuti sitidziwa n'komwe chimene tiyenera kupempha (8:26). Kenako mpamene akuti amene Mulungu anawadziwiratu anawakonzeratu, amene anawakonzeratu anawaitana, amene anawaitana anawayesa olungama, ndipo amene anawayesa olungama anawapatsanso ulemerero. M'mawu onsewa wochita ndi mmodzi, Mulungu, ndipo palibe pamene akunena kuti ena anatayika panjira. Akatero akufunsa kuti ndani adzaneneza osankhidwa a Mulungu, n'kutchula nsautso, kuzunzidwa, njala, usiwa, zoopsa ndi lupanga, kuti zonsezi sizingatilekanitse ndi chikondi cha Khristu. Sakunena kuti wosankhidwa sadzaona njala. Akunena kuti adzaiona, ndipo njalayo si umboni wakuti Mulungu wamutaya. M'mzinda momwe anthu ambiri aphunzitsidwa kuyeza chikondi cha Mulungu ndi galimoto, ukwati kapena chiphaso chopitira kunja, mawu amenewa ndi ofunika kuwamva kawirikawiri.

Nkhani ya Petro imaonetsa zimenezi poyera. Yesu anamuuza kuti Satana wapempha kuti apete ophunzirawo ngati tirigu, koma Iye wamupempherera kuti chikhulupiriro chake chisathe, ndipo akadzatembenuka adzalimbikitse abale ake (Luka 22:31-32). Petro sanagwirizane nazo. Anati iye ndi wokonzeka kupita kundende ngakhale kufa kumene. Usiku womwewo anakana Mbuye wake katatu, akuotha moto pabwalo la mkulu wa ansembe. Kulimba mtima kwake kunathera pomwepo. Chimene sichinathe ndi pemphero la Yesu, limene linapempheredwa Petro asanagwe.

Mpingo wakhala ukukangana pa nkhaniyi kwa zaka zoposa 1,600, ndipo amene anaifotokoza mozama poyamba anali munthu wa mu Africa. Augustine, amene anabadwa mu 354 n'kumwalira mu 430, anali bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Iye analemba pemphero lopempha Mulungu kuti apereke chimene akulamula, kenako alamule chimene akufuna. Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain, anakhumudwa nalo pempherolo, poganiza kuti limalimbikitsa ulesi. Kwa iye, ngati Mulungu walamula chinthu ndiye kuti munthu ali nayo mphamvu yochichita. Augustine anaima pa funso la pa 1 Akorinto 4:7, lakuti uli ndi chiyani chimene sunachite kulandira, ndipo anati ngakhale chiyambi cha chikhulupiriro ndi mphatso. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Komabe maganizo akewo sanafe. Mukamva mlaliki akunena kuti Mulungu wachita kale mbali yake ndipo zotsala zonse zili m'manja mwanu, mukumva mawu oyandikana kwambiri ndi a Pelagius, ngakhale mlalikiyo sanamvepo dzina limeneli.

Mkangano wina waukulu unabuka ku Netherlands. Jacobus Arminius, mphunzitsi wa zaumulungu ku Leiden, ankaphunzitsa kuti Mulungu amasankha anthu amene anaoneratu kuti adzakhulupirira. Iye atamwalira mu 1609, omutsatira analemba mfundo zisanu mu 1610, ndipo sinodi yaikulu inakumana ku Dordrecht kuyambira Novembala 1618 mpaka Meyi 1619, pamodzi ndi nthumwi zochokera ku England, Switzerland ndi madera a Germany. Sinodiyo inakana mfundo zisanuzo, ndipo zimene anagwirizana kumeneko sizinathere ku Ulaya. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State atayamba ntchito ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, anabwera ndi ziphunzitso za ku Dordrecht pamodzi ndi Katekisimu wa ku Heidelberg wa 1563, amene funso lake loyamba limafunsa za chitonthozo chokhacho cha munthu pa moyo ndi pa imfa. Mpingo wa Reformed Church in Zambia (RCZ) unachokera ku ntchito imeneyo, ndipo abusa ake amaphunzira ku Justo Mwale ku Chamba Valley konkuno. A CCAP ali m'banja lomwelo la Reformed. Kwa a Baptist, Abusa Conrad Mbewe a ku Kabwata Baptist Church akhala akulalikira chiphunzitsochi kuyambira 1987. Ngakhale a Anglican amene amapemphera ku Cathedral of the Holy Cross ali ndi mfundo ya nambala 17 mwa mfundo zawo 39, imene imati kulingalira za kusankhidwa mwa Khristu kumadzetsa chitonthozo chosaneneka kwa oopa Mulungu, koma n'koopsa kwa amene amangofufuza mwachidwi popanda Mzimu wa Khristu.

Anthu amaganiza kuti a ku Dordrecht anali akuluakulu ouma mtima amene ankangowerenga kuti opita kumwamba ndi angati. Amene wawerenga zolemba zawo amadabwa ndi kuchuluka kwa mawu olembera anthu osweka mtima. M'mutu woyamba, ndime ya 16 ikulankhula kwa munthu amene sakumva mwa iye chikhulupiriro chamoyo, kapena mtendere wa chikumbumtima, koma akupitirizabe kumva Mawu. Ikuti munthu wotere asachite mantha akamva za otayika, ndipo asadziwerengere pakati pawo; apitirize kugwiritsa ntchito njira zimene Mulungu anapereka, akuyembekeza nthawi ya chisomo chochuluka. Za amene akufunitsitsa kutembenukira kwa Mulungu koma sakufika pamene akufuna, ikuti iwo ndiye asaope n'komwe, chifukwa Mulungu analonjeza kuti sadzathyola bango lophwanyika, kapena kuzimitsa nyali imene ikungofuka utsi (Yesaya 42:3). M'mutu wachisanu akuvomereza poyera kuti okhulupirira amalimbana ndi kukayika, ndipo m'mayesero aakulu sakhala nthawi zonse ndi chitsimikizo chathunthu. Chivomerezo cha chikhulupiriro chimene chinalembedwa ku Westminster, ku England, mu 1646 chikunenanso chimodzimodzi, kuti chitsimikizo cha Mkhristu weniweni chikhoza kugwedezeka, kuchepa, ngakhale kuzimirira kwa kanthawi. Apa pali kusiyanitsa kumene kwathandiza anthu ambiri: kukhala wa Mulungu n'chinthu china, kumva mumtima kuti ndiwe wa Mulungu n'chinthu chinanso. Chachiwirichi chimasintha ndi tulo, matenda, ngongole ndi maliro. Choyambacho sichisintha.

Ndime ya 17 ya m'mutu woyamba uja wa ku Dordrecht ndi imene ndimafuna kuti mkulu wa mpingo aliyense aidziwe pamtima. Imati makolo oopa Mulungu asakayike za kusankhidwa ndi chipulumutso cha ana awo amene amwalira ali makanda, popeza ana a okhulupirira ali m'pangano la chisomo pamodzi ndi makolo awo. Analemba zimenezi m'nthawi imene ana ambiri ankamwalira asanafike zaka zisanu, ndipo ife m'makomboni a Lusaka sitinaiwale kumanda kwa ana. Kumayambiriro kwa 2024 kolera inavuta mpaka bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka malo othandizira odwala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Pambuyo pa nyengo imeneyo ndinapita ndi mkulu wina wa mpingo kukaona mayi wa ku Kanyama amene anataya mwana wosakwana chaka, ndipo anali atasiya kubwera ku tchalitchi. Tinamupeza atakhala pamphasa pakhonde, mbaula ili pambali yosayatsa, bulauzi yake ya Chigwirizano ili yopindidwa pamwamba pa sutikesi m'nyumba. Atatilonjera anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, anthu ena anandiuza kuti ndikanakhala ndi chikhulupiriro mwana sakanapita. Ndiye ine ndi amene ndinamupha? Panopa ngakhale kupemphera sindikutha." Mkuluyo sanathamangire kutsegula Baibulo. Anati, "Amayi, mwana uja Mulungu anamudziwa inu musanamudziwe. Sanapite kwa mlendo. Ndipo inu, amene anakuitanani ankadziwa kuti tsiku lina mudzakhala pamphasa pano osatha kupemphera. Anakuitananibe." Mayiyo analira kwambiri. Sanayambe kubwera Lamulungu lotsatira. Panapita miyezi, ndipo amayi anzake ankapita kukamutenga.

Tsopano pali funso limene chiphunzitsochi chimadzutsa chokha, ndipo si bwino kulizemba: nanga ngati ine sindinasankhidwe? Kwa munthu amene chikhulupiriro chagwedezeka kale, funso limeneli likhoza kumulanda tulo. Martin Luther, akadali m'nyumba ya amonke, anazunzika nalo kwambiri, ndipo mkulu wake, Johann von Staupitz, anamuuza kuti asiye kufufuza zobisika za Mulungu, ayang'ane mabala a Khristu. John Calvin, amene dzina lake anthu amalimangirira pa chiphunzitsochi kuposa wina aliyense, anati Khristu ndiye kalilole momwe tiyenera kuonera kusankhidwa kwathu. Onsewa akunena chinthu chimodzi. Palibe munthu amene anapatsidwa buku la maina kuti akafufuze lake. Chimene tinapatsidwa ndi kuitana kwa Yesu, ndipo pa Yohane 6:37 zinthu ziwirizi zili m'vesi limodzi: onse amene Atate ampatsa adzabwera kwa Iye, ndipo wobwera kwa Iye sadzamutaya kunja. Mbali yoyamba ndi ya Mulungu. Mbali yachiwiri ndi imene yaikidwa pamaso pathu. Sitiyamba ndi kudziwa kuti tinasankhidwa kenako n'kubwera. Timabwera, mwina tikukwawa, mwina tikunena ngati bambo uja wa pa Marko 9:24 kuti ndikhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga, ndipo tikafika mpamene timazindikira kuti wina anatikoka. Ndiwonjezere ichi: munthu amene akuda nkhawa kuti mwina wataya Khristu ndi munthu amene amamuwerengera Khristu. Mtima wakufa sulira chifukwa cha zimenezo.

Si Akhristu onse amene amaona chonchi, ndipo n'kulakwa kuwanena ngati osadziwa Baibulo. John Wesley, amene anayambitsa mwambo wa Methodist, anatsutsana kwambiri ndi mnzake George Whitefield pa nkhaniyi cha m'ma 1740, ndipo mwambo wa Methodist, umene ndi umodzi mwa imene inapanga mpingo wa United Church of Zambia (UCZ) mu 1965, komanso mipingo yambiri ya Pentekoste, imaphunzitsa kuti chisomo chimaperekedwa kwa onse ndipo munthu akhoza kuchikana, ngakhale kugwa atayamba bwino. Amaima pa mavesi enieni, monga lakuti Mulungu afuna anthu onse apulumuke (1 Timoteo 2:4), ndi machenjezo a m'kalata ya kwa Aheberi. Mpingo wa Katolika umavomereza kuti Mulungu amakonzeratu, koma umanena momveka kuti sakonzeratu munthu aliyense kupita ku gehena, ndipo msonkhano wa ku Trent unati munthu sangadziwe motsimikiza kuti ali pakati pa osankhidwa pokhapokha Mulungu atamuululira mwapadera. Mafunso awo ndi olemera, makamaka lakuti chifukwa chiyani Mulungu sanasankhe onse. Paulo mwiniyo atafika pamenepo, kumapeto kwa Aroma 11, anangogoma ndi kuya kwa nzeru za Mulungu. Ine ndimaima ndi a ku Dordrecht chifukwa ndaona kuti pa bedi la wodwala, Mkhristu wa mpingo uliwonse amapemphera mofanana. Palibe amene amati, "Ambuye, ndithokozeni ndinakusankhani." Tonse timati, "Ambuye, musanditaye." Ndipo tikamapempherera mwana wathu wolowerera, timapempha Mulungu kuti asinthe mtima wake, kusonyeza kuti pansi pa mtima timakhulupirira kuti angathe kutero.

Ena amaopa kuti chiphunzitsochi chimabala ulesi, ndipo nkhawa yawo ili ndi maziko, chifukwa ife tili kale ndi chizolowezi chonena kuti "zinalembedwa" pa zinthu zimene tikanatha kuzikonza. Ngalande zikatsekeka ndi zinyalala madzi n'kusefukira m'nyumba za anthu, sizinalembedwe. Ndi ntchito imene yasiyidwa. Kusankha kwa Mulungu sikuli ngati mwayi kapena tsoka losaona. Vesi lija la Aefeso 1:4 likupitiriza kuti anatisankha kuti tikhale oyera ndi opanda chilema. Petro akuti tichite changu kutsimikiza maitanidwe ndi masankhidwe athu (2 Petro 1:10). Ku Korinto, Paulo ali ndi mantha, Ambuye anamuuza kuti apitirize kulankhula chifukwa ali ndi anthu ambiri mumzindamo, ndipo Paulo anakhalako chaka ndi miyezi isanu ndi umodzi akuphunzitsa (Machitidwe 18:9-11). Kudziwa kuti Mulungu ali ndi anthu ake kunamupatsa mphamvu yogwira ntchito. Ndime ija ya 16 nayonso simanyengerera aliyense: imatha ndi kunena kuti amene aiwala Mulungu n'kudzipereka ku zosangalatsa za thupi, chiphunzitsochi n'choopsa kwa iwo malinga ngati sakutembenuka. Munthu wokhala m'chigololo mwadala kapena wodya ndalama za amasiye, amene amadzitonthoza kuti "ine ndine wosankhidwa", alibe pogwira.

Palinso tchimo limene limapezeka mwa ife okonda chiphunzitsochi, makamaka achinyamata amene angochidziwa kumene kudzera m'mabuku ndi pa intaneti. Amachisandutsa ndodo yomenyera anzawo m'magulu a pa WhatsApp, n'kumayankhula ngati kusankhidwa ndi digiri imene anaivutikira. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa chiphunzitso chonena kuti ulibe chilichonse chimene sunachite kulandira chiyenera kutsitsa munthu pansi. A ku Westminster analangiza kuti nkhaniyi igwiridwe mwanzeru ndi mosamala kwambiri, ndipo ankadziwa chimene ankanena.

Amene mukupita kukaona m'bale amene wasiya kubwera ku mapemphero, kaya ndi ku Matero, ku Garden kapena ku Kalingalinga, simufunika kunyamula mbiri yonseyi. Muyambe mwamva chimene chamugwetsa, chifukwa wina ndi maliro, wina ndi ntchito imene inatha, wina ndi tchimo limene akuchita nalo manyazi, ndipo wina ndi matenda a maganizo ofunika dokotala pamodzi ndi pemphero. Akanena kuti Mulungu wamusiya, mufunseni kuti anayamba kufuna mnzake ndani, iye kapena Mulungu. Muwerengereni Afilipi 1:6, pamene Paulo akuti amene anayamba ntchito yabwino mwa ife adzaitsiriza kufikira tsiku la Yesu Khristu, kapena Yohane 10:28-29, pamene Yesu akuti palibe angakwatule nkhosa zake m'dzanja lake. Ngati akuopa kuyandikira Mgonero chifukwa akudziona wosayenera, koma akudana ndi tchimo lake ndipo akufuna Khristu, kambiranani ndi abusa kuti amulimbikitse kubwera, popeza gomelo linakonzedwera anthu anjala. Ndipo ngati sakutha kupemphera, mupempherereni inu mokweza iye akumva, kenako mubwerenso sabata yamawa.